Galasi pa Shelefu ya Mbale

Amuna anga anali munthu woopa mchenga. Ena amaopa njoka, ena afiti, ena ankaopa anyamata a chipani amene masiku amenewo ankaima pakhomo la msika kufunsa makhadi. Iwo ankaopa kanjere kamodzi ka mchenga. Ndiye tangoganizani, tinkakhala mu komboni ya Matero, kumene mphepo ya mu Ogasiti imakuthira fumbi m'kamwa usanamalize kupereka moni.

Ankagwira ntchito m'tauni, m'kachipinda ka kuseri kwa sitolo ya mmwenye wina wogulitsa magalasi a m'maso. Iwo ndiwo ankapala magalasiwo kuti agwirizane ndi maso a mwini wake. Atate awo anachokera ku Nyasalande kudzagwira ntchito ya njanji, ndipo anawasiyira zinthu ziwiri: Chinyanja chozama chimene anzawo a mu komboni ankachiseka kuti n'cha m'Baibulo, ndi liuma. Pamene ndinkakwatiwa nawo, ufulu utangobwera kumene, Chinyanjacho ndinkachidziwa, ndipo ndicho chinandikopa. Liumalo ndinalidziwa ndili kale m'nyumba.

Chaka chimene wailesi inkalengeza kuti anthu aponda pamwezi, ku Matero kunali mkangano. Kumowa amuna ankati azungu akutinamiza, kutchalitchi azimayi ankati ngati n'zoona ndiye kuti dziko latha. Amuna anga sanalowe nawo mkanganowo. Tsiku lina anangofika kunyumba ndi chikwama cholemera, n'kutulutsamo magalasi awiri ozungulira, okhuthala, aakulu ngati mbale ya ndiwo. Amene anawapatsa anali mphunzitsi wina wachizungu, kasitomala wa pasitolopo, amene ankabwerera kwawo. Mzunguyo ankafuna kupanga telesikopu, chipangizo choonera mwezi ndi nyenyezi, koma kupirira kunamuthera. Anawafotokozera njira yake yonse, n'kuwasiyira magalasiwo pamodzi ndi timabotolo ta ufa wakuda wopalira.

Ndinafunsa ngati adzawaona anthu oponda pamwezi aja. Anati ayi, amenewo sangaoneke, koma kumwezi kuli mapiri ndi maenje, ndipo iwo akufuna kuwaona ndi diso lawo, m'galasi lopangidwa ndi manja awo. Ine ndinati maenje tili nawo ambiri mumsewu wathu uno, angoyang'ana amenewo. Anaseka, n'kupita kukabwereka diramu.

Ntchito yake inali yotere. Galasi limodzi analikhazika pamwamba pa diramu lodzaza madzi kuti lisagwedezeke. Ankathirapo ufa wakuda uja ndi timadzi, n'kusanjikiza galasi linalo, n'kumalikankhira kutsogolo, kulikokera m'mbuyo, uku akuzungulira diramulo pang'onopang'ono. Ankati akapitiriza choncho, galasi lapamwamba lidzakumbika pakati, kadzenje kosaya kwambiri, ndipo kadzenje kameneko ndiko kadzasonkhanitse kuwala kwa mwezi pamalo amodzi. Phokoso lake linali la munthu wonola mpeni pamwala, Loweruka masana onse ndi Lamulungu tikaweruka kutchalitchi. Anansi anayamba kunong'onezana kuti mwana wa Mnyasa uja akupera mankhwala olemeretsa. Ndinkawayankha kuti akanakhala olemeretsa bwenzi ndisakuvala chitenje chomwechi chaka ndi chaka.

Ufa wokhakhala ukatha ntchito yake ankasinthira ku wosalalako, kenako wosalala kuposa pamenepo, mpaka wina woti ukauyika pa chala sumva kanthu. Apa ndi pamene mchenga unakhala mdani. Tsiku lina, atafika kale pa ufa wosalala, kamvuluvulu anadutsa kuseri kwa nyumba. Ndinamva kulira kamodzi kokha kuti kwee pansi pa galasi, iwo n'kuima. Kanjere kamodzi kanali katalemba mzere kuchokera m'mphepete mpaka pakati. Sanakalipe. Anangotsuka magalasi awo, kubwerera ku ufa umene anausiya miyezi ingapo m'mbuyomo, ndipo tsikulo sanadye.

Kuyambira pamenepo diramu linalowa m'chipinda chathu chogona, ndipo linalowa ndi malamulo ake. Pansi pawazidwe madzi, zikhadabo ziwengedwe, shati isinthidwe, ana akhale panja. Galasilo likapuma linkagona m'bokosi pansi pa bedi, litakulungidwa m'thewera latsopano limene ndinagulira mwana wathu wachiwiri, iwo n'kulilanda mwanayo asanalivale. Ndinkalitcha mkazi mnzanga, ndipo sikuti ndinkangoseka. Mwamuna amene akanatha kukhala nane pakhonde kapena kukonza chitseko cha kuchimbudzi ankathera Loweruka lonse akusisita galasi. Zaka zinapita. Nthawi zina linkagona chaka chathunthu osakhudzidwa, chifukwa cha maliro, matenda a ana ndi mavuto a m'tauni. Koma ndikangoganiza kuti mkazi mnzanga uja amusudzula, ndinkamva diramu likukokedwa.

Kupala kutatha kunabwera kupukuta. Anasungunula phula m'chitini pa mbaula yanga, nyumba yonse n'kununkha msewu watsopano. Analithira pa galasi lapansi lija, litauma n'kulidula timizere, ndipo pamwamba pake ankapakapo ufa wofiira umene mmwenye uja ankawalola kukokota kuntchito. Ufa umenewo unandisowetsa mtendere. Beseni linafiira, matawulo anafiira, ngakhale pilo. Mlongo wanga atabwera kudzacheza anandikokera pambali kundifunsa ngati m'nyumba mwathu timamenyana. Koma galasi lija, limene zaka zonsezo linali lotuwa, linayamba kuwala ngati madzi a m'chitsime.

Ine ndinati basi latha. Anati ayi, kuwala si kutha, tsopano liyenera kuyesedwa.

Kuyesako kunkafuna mtunda wautali, ndipo m'nyumba yathu ya zipinda ziwiri mtunda wokhawo unali kuchokera pa bedi, kudutsa pachitseko, kukafika pa shelefu ya mbale pabalaza. Choncho galasi ankaliimika pa shelefupo, pakati pa mbale zanga, litatsamira khoma. Iwo ankakhala m'mphepete mwa bedi, patsogolo pawo pali kampando. Pa kampandopo panali nyale yovundikiridwa ndi chitini, chitinicho chitabooledwa kabowo kamodzi ndi singano, ndipo pambali pake panali lezala lobayidwa pa kathabwa. Kuwala kotuluka pa kabowoko kunkapita kugalasi n'kubwerera kudzagwera pa lezala. Ukaika diso kuseri kwa lezalalo, galasi lonse linkaoneka lowala, ndipo ukamasuntha lezala pang'onopang'ono linkayamba kuda. Galasi langwiro liyenera kuda lonse nthawi imodzi. Likakhala ndi chilema, mithunzi inkachiulula. Zimenezi zinkachitika m'mawa dzuwa lisanatenthe malata, chifukwa malata akatentha mpweya umavina ndipo suona kanthu. Mawindo tinkatchinga ndi mabulangeti, mabowo a misomali a padenga tinkatseka ndi tinsanza. Galasi akatha kuyesa linkabwerera m'thewera lake pansi pa bedi.

Ndiye kunabwera matenda a shuga. Poyamba linali ludzu losatha, kenako kuwonda mpaka lamba kusowa bowo. Kuchipatala chachikulu anawapatsa mankhwala ndi malamulo a zakudya, koma pofika nthawi imeneyo diso lakumanzere linali litachita kale nkhungu. Dokotala sanabise. Anati lakumanja nalo likutsatira, ndipo palibe magalasi amene angathandize. Amuna anga anamvetsa bwino kuposa odwala ena onse, poti maso a anthu ndiyo inali ntchito yawo. Mmwenye uja anawasunga miyezi ingapo, kenako ntchito inatha. Ine ndinayamba kugulitsa zitumbuwa ndi tomato pamsika. Zonsezo tinazipirira. Chimene chinkawadya mumtima chinali chimodzi: kodi galasi lidzatha diso lotsalalo lisanatseke?

Mithunzi ya pa lezala ndi yofooka, ndipo ndiyo inayamba kuwathawa. M'mawa wina ndinawapeza atakhala pabedi, diso kuseri kwa lezala. Kenako anasendera pambali n'kumenya pamatiresi ndi dzanja kuti ndikhale.

"Amake ana, tandibwerekani diso lanu," anatero.

Ndinakhala monyinyirika, chifukwa phala la ana linali pamoto. Ndinasuntha lezala monga anandiuzira. Zimene ndinaona sindinaziyembekezere. Galasi limene m'manja linali losalala moti ntchentche ikanaterereka, pamenepo linaoneka ngati munda wosalimidwa. Pakati panali chulu chachikulu, ndipo kuzungulira chuluko kunali ngalande. Ndinawauza. Anadzuka, kupita ku shelefu, kukhudza galasilo ndi chala chachikulu kanthawi kochepa, n'kuchotsa. Anati ndiyang'anenso. Pamalo pamene anakhudza panali patatupa kachulu katsopano, chifukwa cha kutentha kwa chala chokha, ndipo ndinakaona kakuphwa pang'onopang'ono pamene galasi linkazizira. Phala linapserera tsiku limenelo, ndipo sindinadandaule.

Kuyambira pamenepo ine ndinali diso, iwo manja. M'mawa ndisanapite kumsika ndinkakhala kuseri kwa lezala n'kumanena zimene ndikuona, kuti chulu chaphwa pang'ono, kuti ngalande yasunthira kunja, kuti mthunzi ukuyambira kumanja. Iwo ankamvetsera atatsinzina, n'kudziwa okha pofunika kukanikiza ndi pofunika kupepuza dzanja. Masana ine ndili kumsika ankazungulira diramu, akudziimbira nyimbo za kutchalitchi zimene atate awo anabwera nazo. Nthawi zina ankapukuta mopitirira, chulu n'kusanduka dzenje, ine n'kuwanyoza kuti alimi otere kwathu sitiwapatsa munda. Ankandibwezera kuti mwina diso limene anabwerekalo n'lobooka. Ndinkafika pamsika mochedwa, anzanga n'kumandiseka kuti ukwati wanga wayambanso mwatsopano. Sankalakwa kwenikweni. Ndikunena mosabisa, pa zaka zonse zimene tinakhala limodzi, miyezi imeneyo ndiyo inali yokoma koposa. Tinali osauka, m'nyumba munali matenda, koma sitinayambe takhalapo pafupi choncho. Mkazi mnzanga uja ndinayamba kumufunditsa thewera ndi manja anga.

Zina zonse zinali zokonzeka kale. Paipi ya telesikopuyo, yoikamo galasi, anatikhomera mmisiri wa zidebe wa pamsika, kagalasi koyang'anira anapala okha akadali pantchito, miyendo anapanga ndi matabwa a mabokosi. Inali nthawi imene ndege za adani a kumwera zinkaopsa, anthu akuuzidwa kuzimitsa nyale madzulo, aliyense akukayikira mnzake. Paipi yoloza kumwamba sikanatha kubisika. Tsiku lina tcheyamani wa chipani wa m'dera lathu anafika pakhomo nkhope ili gwaa.

"Ba neba, ichi chipaipi chilangana kumwamba ni cha chani? Bantu bakamba vambiri."

Amuna anga anamusuzumiritsa mkati kuti aone kuti mulibe kanthu, anamufotokozera za mapiri a kumwezi, n'kumulonjeza kuti tsiku loona mwezi iye adzakhala wachitatu, pambuyo pa iwo ndi ine. Tcheyamani anati mwa udindo wake ayenera kukhala woyamba. Anakambirana mpaka anagwirizana kuti akhale wachiwiri, ine n'kutsitsidwa kukhala wachitatu pakhomo panga pomwe. Kuyambira tsiku limenelo sankadutsa osafunsa kuti mwezi wake uli pati.

Pofika nyengo yozizira chulu chinali chitatha, ngalande itakwiririka. Ndikasuntha lezala galasi lonse linkada pamodzi, kupatula kamkombero kopyapyala m'mphepete, kochepa ngati ulusi. Iwo eni anali atandiuza kale kuti mwezi ndi wowala kwambiri moti galasi lingauonetse ngakhale lisanapakidwe mankhwala owalitsa ngati a kalilole. Ndiye ndinati tiliike mu paipi sabata yomweyo, poti mwezi unali ukukula. Anakana. Anati sanazungulire diramu zaka zonsezi kuti akaone mwezi wa chimbuuzi, kamkombero kachoke kaye. Ndinapempha, ndinanyengerera, ndinakalipa mpaka anansi anamva.

"Mwezi suthawa, amake ana," anatero.

"Mwezi suthawa, koma diso lanu likuthawa."

Anangotembenukira kukhoma. Mpaka lero ndikakumbukira liuma limenelo mtima umanditentha, ngakhale mwini wake anagona kalekale. Munthu ungathe kukwiyira wakufa, ine ndine mboni.

Patangopita masiku ochepa, m'mawa tikuyesa, anayamba kutuluka thukuta kunja kukuzizira, mawu n'kusokonekera, n'kugwa kuchoka pabedi. Tcheyamani yemwe uja ndiye anathamanga kukapeza galimoto. Ndinatuma mnansi ku komboni ya Chawama kukaitana amayi anga kuti adzakhale ndi ana, ine n'kukwera kumbuyo kwa galimoto, mutu wa amuna anga uli pamiyendo panga. Galasi linatsala pomwe linali, pa shelefu ya mbale. Mwamuna akagwa, palibe mkazi amene amaganiza za galasi.

Apa ndiyenera kunena za amayi anga. Anali munthu wa mwambo, wochokera kum'mawa, ndipo tauni sinawasinthe. Ndi mkamwini wawo ankalemekezana mwa chipongozi chenicheni. Sankakhala moyang'anizana, sankadyera pamodzi, ndipo akakumana panjira mmodzi ankapatukira m'mbali n'kuwombera m'manja chapatali. Mawu awo ankadutsa mwa ine ngakhale onse ali pakhonde limodzi. M'chipinda chathu chogona amayi sanapondemo n'kamodzi komwe, ndipo za mkamwini sankafunsa. Choncho galasi limene linakhala nafe zaka zonsezo pansi pa bedi, iwo anali asanalionepo. Ankangodziwa kuti apongozi awo ali ndi kantchito kawo ka m'chipinda.

Ndipo amayi anali aukhondo woopsa. Mapoto awo ku Chawama ankanyezimira moti ungapesere tsitsi ukudziyang'anirapo. Sopo masiku amenewo ankasowa, tinkaima pamzere kuyambira m'mawa n'kubwerako chimanjamanja, koma amayi sankadandaula za sopo. Ankati mchenga ndi phulusa sizifuna kuimira pamzere. Akafika pakhomo pa mwana wawo sankakhala pansi mpaka chiwiya chilichonse atachigwira, ndipo chimenecho ndicho chinali chikondi chawo, poti si anthu amene ankanena za chikondi ndi pakamwa.

Tinakhalitsa kuchipatala, ine ndikugona pansi pa bedi la amuna anga monga ankachitira onse odwazika. Anatuluka ofooka, koma diso lakumanja likuonabe pang'ono. Tili m'basi pobwerera anandiuza motsitsa mawu kuti ndinkanena zoona. Anati kamkombero kakhale, mwezi ukangobwerera galasi tiliika mu paipi, ndipo tcheyamani kaya afune kaya asafune, wachiwiri ndikhala ine. Ndinawagwira dzanja pamaso pa anthu, chinthu chimene ndinali ndisanachitepo.

Tinapeza pakhomo posesedwa mpaka kumsewu. Mabulangeti anali atachotsedwa m'mawindo, atachapidwa, ali pachingwe. Mapoto onse ankawala padzuwa pa thandala. Pafupi ndi thandalalo panali kamulu ka mchenga kamene amayi anakapempha kwa anthu omanga nyumba kutsidya kwa msewu.

Amuna anga anakhala pampando pakhonde. Amayi anakhala pansi kuseri kwa chitseko, monga mwa nthawi zonse, n'kupereka pepani kudzera mwa ine. Atatha kufotokoza za ana, kuti adya, asamba, wamng'ono anali ndi chifuwa koma chapola, anatulutsa chinthu chokulungidwa m'chitenje chawo n'kundipatsa ndi manja awiri.

"Iyi mbale yanu yolema yanivuta maningi," anatero. "Yenze na dothi yofiira, na phula kumbali. Nayikwecha na mchenga, nabwezapo futi. Siinawale bwino, koma manje ni yoyera. Mubauze apongozi kuti nayesako."

Ndinafunyulula chitenje. Galasi linali lotuwa ngati diso lakumanzere la amuna anga lija. Paliponse panali mizere yopingasana, yozungulira monga dzanja la amayi limazungulira pa poto. Ndinaliika m'manja mwa amuna anga chifukwa sindinadziwe kwina koliika. Sanaliyang'ane n'komwe. Anayendetsa chikhadabo cha chala chachikulu pamwamba pake, ndipo ndinamva kulira kuja kwa tsiku la kamvuluvulu, koma tsopano kosadukiza, kuchokera mbali ina mpaka inzake.

Ndinatsegula pakamwa. Sindikudziwa chimene ndikananena kwa mayi wondibereka, koma chinali chitafika kale pa lilime. Amuna anga anandigwira pamkono n'kufinya mpaka kuwawa. Anaika galasi pamiyendo, n'kuwomba m'manja mofatsa cha kuchitseko.

"Muwauze amayi kuti tathokoza kwambiri. Atsuka bwino."

Mawu a mkamwini amadutsa mwa mwana wamkazi, ndiye anadutsa mwa ine. Ndinawanena onse osasiyako. Amayi nawonso anawomba m'manja, okondwa.

Amayi atabwerera ku Chawama ndinalira ngati pamaliro. Ndinati ndipita ndikawauze, adziwe chimene achita. Amuna anga anakana. Anati munthu wamkulu wasiya nyumba yake kudzasamala ana athu, wagwada padzuwa kukwecha chinthu kuti atikondweretse. Ndikawauza, galasi silibwerera, koma amayi sadzapondanso pakhomo pathu ndi mtima womasuka, ndipo adzafa nazo. Anandilumbiritsa kuti ndisadzanene. Liuma lomwe lija limene linakana kuona mwezi ndi lomwe linakana kuchititsa amayi anga manyazi, ndipo sindinadziwe kaya ndiwamenye kaya ndiwagwadire.

Anakokanso diramu. Mizere ya mchenga inali yakuya, yofuna kubwerera ku ufa wokhakhala wa poyamba penipeni, koma m'timabotolo ta mzungu uja munali mutatsala pansi pokha. Ndinapita kwa mmwenye uja kukapempha. Anandilandira bwino, anadandaula nane, koma anati katundu wotere sakulowanso m'dziko, naye akungoyembekeza. Amuna anga anazungulira diramu masabata angapo akupapasa, akutsuka ufa wogwira kale ntchito n'kuubwezeranso, mpaka unasanduka matope opanda mano galasi likadali ndi mizere yake. Mwezi unabwerera, unakula, unatha, paipi ili yopanda kanthu. Mvula yoyamba isanagwe, tsiku lina masana anandifunsa chifukwa chake sindinachotse mabulangeti m'mawindo. Mawindo anali otsegula. Ndinatuluka panja kukalirira kuseri kwa nyumba kuti asandimve.

Paipi ija inakhala komweko kuseri mpaka inachita dzimbiri, ndipo tcheyamani analeka kufunsa. Amuna anga anakhalabe ndi moyo zaka zingapo, akukhala pakhonde, akundithandiza kusankha tomato wowola ndi manja. Za galasi sanazitchulenso. Koma madzulo ana a mu komboni akachulukitsa phokoso panja, ankadziwa kuti mwezi wawala, n'kundifunsa ngati watuluka. Ndinkati watuluka. Ankafunsa ngati kuli mitambo, ine n'kuyankha, nkhani n'kuthera pomwepo. Amayi akabwera kudzacheza, amuna anga ankawalandira monga kale, iwo pakhonde, amayi kuseri kwa chitseko, ndipo ankandituma kuwaphera nkhuku ngakhale itatsala imodzi. Ine ndi amene ndinkavutika. Ndinkawakonda amayi anga, koma ndikawaona atagwada pa thandala ndi mchenga m'manja ndinkapeza chifukwa chopitira kumsika.

Amuna anga anamwalira m'nyengo yotentha. Pamaliro amayi anakhala nane m'nyumba pamkeka, pakati pa azimayi a kutchalitchi ndi a pamsika, pansi pa shelefu yomwe ija. Kulira kutadukiza, azimayi anayamba kukamba za womwalirayo monga zimakhalira. Wina anakumbuka kuti anamukonzera magalasi a amuna ake osafuna kanthu, wina anaseka pang'ono pokumbuka diramu lija ndi mankhwala olemeretsa. Amayi anga, amene panthawiyo anali atakalamba ndithu, anapukuta misozi ndi chitenje n'kunena kuti akamwini ena amaiwala ngakhale utawalerera ana, koma awa ayi.

"Apongozi banga benze munthu," anatero. "Mbale imodzi chabe ninabatsukila, koma banaomba m'manja monga nabapatsa ng'ombe. Si ndiye, mwana wanga?"

Azimayi onse anatembenukira kwa ine. Ndinayang'ana dzanja la amayi, lokhakhala, litagwira langa.

Ndinati inde, ndi momwemo.